Nthawi, mthunzi, chipewa kapena mafuta: chimene chimatetezadi mwana ku dzuwa la ku Dedza ndi ku Ntcheu

Munthu amene wakulira ku Bembeke kapena ku Tsangano sachedwa kuseka mukamuuza kuti dzuwa la kwawo ndi loopsa, chifukwa chimene iye amachidziwa ndi chisanu cha mwezi wa Juni chimene chimaumitsa zala m'mawa, nkhungu yophimba phiri la Dedza mpaka dzuwa litakwera, ndiponso juzi imene saivula ngakhale masana. M'maganizo mwa ambiri a ife, dzuwa loopsa lili kumunsi kwa zitunda, ku Golomoti, ku Mtakataka ndi kuchigwa cha Bwanje, kumene munthu amatuluka thukuta ngakhale atangokhala pansi. Maganizo amenewa ndi oona mbali imodzi yokha, ndipo mbali inayo ndi imene ikupweteketsa ana mwakachetechete.

Dzuwa limavulaza m'njira ziwiri zimene kawirikawiri timaziphatikiza ngati chinthu chimodzi. Yoyamba ndi kutentha, kumene thupi limakumva msanga kudzera mu thukuta, ludzu ndi kufooka. Yachiwiri ndi cheza chosaoneka ndi maso chimene akatswiri amachitcha UV, chimene sichimveka pamene chikulowa m'khungu, koma chimawaula khungulo, chimawononga maso pang'onopang'ono mpaka kuthandizira kuyambitsa ng'ala, ndipo pakapita zaka chikhoza kuyambitsa khansa yapakhungu. Mphamvu ya cheza chimenechi siyenderana ndi kutentha kapena kuzizira kwa kunja. Imayenderana ndi pamene dzuwa lafika kumwamba ndi kuchuluka kwa mpweya umene chezacho chadutsamo chisanafike pansi. Tauni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, nsonga ya phiri lake imayandikira mamita 2,200, pamene nyanja ya Malawi siifika n'komwe mamita 500. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera, cheza cha UV chimawonjezeka ndi magawo pafupifupi 10 pa 100, ndiponso kuti mitambo yopyapyala imatha kulola magawo ofika 80 pa 100 a chezacho kudutsa. Choncho mwana amene akutola kachewere ku Bembeke tsiku la kamphepo kozizira akhoza kulandira cheza chochuluka kuposa msuweni wake amene akupuma wefuwefu ku Golomoti tsiku lomwelo, kungoti wa ku Bembekeyo alibe chomuchenjeza kuti athawire pamthunzi.

Pa njira zonse zotetezera ana, ine ndimaika patsogolo yosalira ndalama, ndiyo kusankha nthawi. Makolo athu ankalawirira kumunda mbandakucha n'kuweruka dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo chizolowezi chawocho chikugwirizana ndi malangizo a zaumoyo a masiku ano, amene amati cheza chimakhala champhamvu kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 4 koloko madzulo. Kuno kwathu dzuwa limafika pachimake 12 koloko isanakwane, moti amene amati aweruka ikakwana 12 amakhala atagwira kale ntchito pa nthawi yoipitsitsa. Amene alibe wotchi ayang'ane chithunzithunzi chake: chikafupika kuposa msinkhu wa mwini wake, ndiye kuti cheza chakula, ndipo mwana wa zaka zisanu akhoza kuphunzira lamulo limeneli ngati sewero. Kumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale dzuwa limadutsa pamutu penipeni m'maboma athu awiriwa, moti chithunzithunzi chimabisala pansi pa mapazi. Za Okutobala aliyense amazidziwa, koma Febuluwale ndi mwezi wa dzinja, pamene anthu amaswera m'minda pansi pa mitambo osaganizirako za dzuwa.

Kuperewera kwa njira imeneyi n'kwakuti si ntchito zonse zimene zimalola kusunthidwa. Mayi wogulitsa tomato ndi kabichi pa Lizulu sangasiye malonda masana pamene galimoto za pamsewu wa M1 zikuima, mnyamata amene ali kubusa sangasiye ng'ombe zokha, wa ganyu amalandira yake akamaliza ndime, ndipo ana a makalasi oyambirira amaweruka kusukulu dzuwa lili paliwombo n'kuyenda mtunda wautali. Chimene banja lingathe ndi kupatula ntchito zimene zimalola, monga kutunga madzi, kutola nkhuni, kuthirira kudimba ndi kupita kuchigayo, kuti ana azizigwira m'mamawa kapena dzuwa litapendeka.

Nthawi ikakanika kusuntha, chotsatira ndi mthunzi, koma mithunzi siifanana. Mtengo wa mango ndi umene ndimaukhulupirira kwambiri chifukwa masamba ake ndi othithikana ndipo sayoyoka m'chilimwe, ndipo kachere amabwera pambuyo pake. Mlambe wa kuchigwa, ngakhale uli ndi thunthu lochititsa kaso, umakhala wopanda tsamba m'miyezi yambiri ya chilimwe, pa nthawi imene munthu akufunitsitsa pobisala, pamene nsangu umachita zotsutsana ndi anzake, umavala masamba m'chilimwe n'kuwataya mvula ikagwa. Bulugamu woima payekha ndi wonyenga, pakuti masamba ake amalendewera chozondoka ndipo dzuwa la masana limadutsa pakati pawo mosavuta. Pa madenga, malata amatchinga cheza chonse koma amasandutsa chipinda chotsekeka kukhala ng'anjo, choncho ku Bwanje chisakasa cha udzu chopanda makoma chimaposa nyumba ya malata masana, pamene ku Dedza khonde la malata limakwanira bwinobwino miyezi yambiri. Tizikumbukiranso kuti cheza chimamwazikana mumlengalenga ndipo china chimabwerera kuchokera pamchenga, pamadzi ndi pakhoma lopaka laimu, moti mthunzi umachichepetsa ndi theka kapena kuposerapo koma suchithetseratu. Munthu akakhala pansi pa mtengo koma n'kumaona thambo lalikulu mbali zonse, adziwe kuti mthunziwo ndi wosadalirika.

Pa makanda m'pamene nkhani ya mthunzi imavuta kwambiri. Tsiku lina la msika pa Lizulu ndinaima nthawi ndithu pafupi ndi mayi amene ankaunjika kachewere m'ndowa, khanda lili kumbuyo. Iye anali atamanga duku ndipo nkhope yake inali itawerama, koma khandalo linali m'tulo mutu utagwera chagada, chipumi, mphuno ndi liwombo zili pamtetete. Mnzake wa pabenchi loyandikana atamuuza kuti, "Make mwana, taonani dzuwa likumuthera mwanayo," iye anatenga shawelo yaubweya n'kumufunditsa mutu wonse, ndipo pasanathe nthawi khandalo linadzuka likulira, tsitsi lili noninoni ndi thukuta. Mayiyo anathana ndi cheza koma anaitana kutentha, ndipo thupi la khanda silinakhwime moti n'kudziziziritsa lokha ngati la munthu wamkulu. Pa zinthu zimene mayi wobereka mwana angagwiritse ntchito, ambulera ndi imene imapambana chifukwa imapereka mthunzi popanda kutsekereza mpweya, ndipo ndi yoyenera kunyamula popita kusikelo, kumaliro kapena ku miyambo ya pabwalo ngati Umhlangano wa Angoni a kwa Gomani ku Nkolimbo. Kachipewa kansalu yofewa kokhala ndi khonde kamatsatira, makamaka pamene manja onse ali pantchito. Chitenje chopepuka chingathandize ngati chaikidwa motayirira, nkhope ili poyera ndipo mpweya ukulowa, koma shawelo ndi bulangete ndi za m'mawa wa Juni basi. Koposa zonsezi ndi kumutsitsa mwanayo n'kumugoneka pamphasa pamthunzi wabwino pamene pali womuyang'anira.

Khanda losakwana miyezi 6 siliyenera kukhala padzuwa la masana ngakhale pang'ono, ndipo azaumoyo salimbikitsa kulidzoza mafuta oteteza ku dzuwa chifukwa khungu lake ndi lanthete. Siliyeneranso kupatsidwa madzi ngakhale kutatentha chotani, pakuti mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira. Chofunika ndi kuliyamwitsa pafupipafupi, ndipo amene azimwa madzi ambiri ndi mayiyo. Palinso chizolowezi choyanika padzuwa khanda limene layamba chikasu m'maso ndi pakhungu. Khanda lotero malo ake ndi kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa ana amene akuyenda okha, chovala ndi chimene chimagwira ntchito yaikulu, chifukwa sichifunika kuchikumbukira maola awiri aliwonse ndipo sichitha ngati mafuta. Posankha pa kaunjika, kwezani chovalacho kumwamba n'kuyang'ana kuwala kudzera m'nsaluyo. Ngati mukuona bwinobwino kuseri kwake, cheza nachonso chidutsa. Malaya a manja aatali okhala ndi kolala amateteza mikono ndi khosi, nsalu yolukidwa mothinana imaposa yopyapyala, yamtundu wodera imatchinga kuposa yoyera, ndipo nsalu ikanyowa kapena kutanuka chifukwa chothina imataya mphamvu yake ina. Apa m'pamene banja la kumtunda ndi la kuchigwa ayenera kusiyana. Ku Dedza malaya okhuthala amtundu wodera savutitsa mwana, pamene ku Sharpevale mu Novembala malaya omwewo angamulemetse ndi kutentha, choncho kumeneko ndi bwino kusankha nsalu ya thonje yotakasuka imene mphepo imalowamo, ngakhale itakhala yowalirapo.

Pa zipewa ndilankhule mosapita m'mbali: kapusi ndi imene ana amaikonda, koma ndi imene imateteza pang'ono kuposa zonse, chifukwa imatchinga chipumi ndi mphuno n'kusiya makutu, masaya ndi kumbuyo kwa khosi. Duku amateteza pamutu ndi makutu akamangidwa bwino, koma nkhope amaisiya poyera. Chipewa cha khonde lozungulira, lotambalala ngati zala zinayi za munthu wamkulu zitagundana, ndi chimene chimakwanira, ndipo chimachepetsanso cheza cholowa m'maso. Cha mlaza n'chozizira bwino kumutu ndipo n'chosavuta kuchipeza, koma chiyang'aneni padzuwa musanagule, pakuti cholukidwa motayana chimadutsitsa kuwala ngati sefa. Ana asukulu amene amameta mpala alibe ngakhale tsitsi lowatchinga, ndipo ndikuona kuti makomiti a makolo akhoza kukambirana ndi aphunzitsi kuti chipewa chiziloledwa popita ndi pobwera kusukulu. Magalasi a dzuwa amathandiza pokhapokha ngati alembedwa kuti amatchinga UV, monga chizindikiro cha UV400. Akuda chabe opanda chitetezo chimenechi akhoza kuipitsa zinthu, chifukwa mumdima wake mwana wa diso amatseguka kwambiri ndipo cheza chimalowa chochuluka.

Mafuta oteteza ku dzuwa ndi amene amatchulidwa kwambiri pa wailesi ndi pa intaneti, ndipo ndi oona kuti amagwira ntchito, koma ali ndi malamulo amene ambiri sawatsatira. Nambala ya SPF imene ili pabotolo imasonyeza mphamvu yake pa cheza chowaula khungu cha UVB: a SPF 15 amatchinga magawo pafupifupi 93 pa 100, a SPF 30 pafupifupi 97, ndipo a SPF 50 pafupifupi 98, ndipo botolo labwino limasonyezanso kuti limateteza ku mtundu wina wa chezachi wotchedwa UVA. Manambala amenewa amakwaniritsidwa pokhapokha ngati munthu wadzola mokwanira, mphindi 20 asanatuluke, n'kubwerezanso pakatha maola awiri aliwonse ndiponso akatuluka thukuta kapena akasamba kumtsinje. Thupi lonse la munthu wamkulu limafuna masupuni a tiyi pafupifupi 7 pa ulendo umodzi, zimene zikutanthauza kuti botolo la mamililita 200 silingakwane maulendo 6. Amene amadzola modontheza kuti botolo likhalitse amakhala ndi chitetezo chochepa kwambiri kuposa chimene chalembedwa. Mafutawa amawonongekanso akasungidwa pamalo otentha kapena akapitirira tsiku lake, choncho a pabenchi la pamsika amene aswera padzuwa ndi okayikitsa. Kwa mwana wa khungu lakuda, amene thupi lake lili ndi melanini (chinthu chimene chimadetsa khungu) wambiri womutchinjiriza mbali ina, ine ndimaika mafuta kumapeto, ndipo ndalama yake ndingakonde itagula chipewa ndi malaya zimene zikhala chaka chathunthu.

Vaseline, gilisalini ndi mafuta ena odzola wamba amafewetsa khungu louma ndi mphepo ya Julaye, koma satchinga cheza. Mafuta oyeretsa khungu, amene atsikana ena akuyamba kudzola adakali pasukulu, amachita zoipa kuposa pamenepa, chifukwa ena amachepetsa melanini ndipo ena amapyapyalitsa khungu, n'kulisiya pambalambanda. Mankhwala enanso monga Bactrim ndi doxycycline amachititsa anthu ena kupsa msanga ndi dzuwa. Wolandira mankhwala otere asawasiye, koma avale zotchinga ndi kuuza dokotala akaona kusintha. Komanso si nthawi zonse pamene khungu loda ndi kusupuka pakhosi ndi pamikono limakhala litapsa ndi dzuwa lokha. Nthenda ya pelagra, imene imabwera thupi likasowa vitamini ya niacin chifukwa chodalira chimanga chokha popanda mtedza, nyemba, nsomba kapena nyama, imaonekera pa malo amene dzuwa limawomba, ndipo mu 1990 inagwira anthu zikwi zambiri mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene anali m'dziko muno mtedza utasowa pa chakudya chimene ankalandira. Nthenda imeneyo imafuna chipatala ndi ndiwo, ndipo mafuta a m'botolo sangaichiritse.

Zonse zimene ndanena zakuti china chitsogole china chitsatire zimasintha pakhomo pakakhala mwana wachialubino, chifukwa iyeyo amafunika njira zonse pamodzi, tsiku lililonse, chilimwe ndi dzinja lomwe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino okwana 134,636 m'Malawi muno, choncho nkhaniyi ndi ya midzi yambiri. Khungu lawo lili ndi melanini wochepa kwambiri kapena lilibiretu, ndipo khansa yapakhungu ndi imodzi mwa zinthu zimene zimawapha adakali achinyamata. Mchemwali wanga ali ndi mwana wotere, ndipo chaka china mu Julaye mwanayo anaswera kumunda ndi anzake atavala juzi ndi kapusi, kunja kuli nkhungu imene inayera chakumasana. M'mawa mwake m'mphepete mwa makutu ndi kumbuyo kwa khosi munali mofiira psuu, matuza atayamba kutuluka. Mayi wake anandifunsa modabwa kuti, "Achimwene, dzuwa lake liti, poti dzulo lonse tinali m'majuzi?" Kuyambira pamenepo kapusi tinaichotsa, ndipo chipewa cha khonde chimakolekedwa pa msomali wa pakhomo pamodzi ndi chikwama cha kusukulu.

Mwana wachialubino amafunika mafuta a SPF 50 kapena kuposa, odzozedwa pankhope, m'makutu, pamilomo, pakhosi ndi kuseri kwa manja, pamodzi ndi malaya a manja aatali, buluku lalitali kapena siketi yaitali, chipewa cha khonde ndi magalasi, popeza maso akenso amavutika ndi kuwala. Mu 2025 bungwe la WHO linaika mafuta otere pamndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri, ndipo makolo ali ndi ufulu wokawafunsa kuchipatala cha boma ngati mankhwala ena onse. Bungwe la anthu achialubino la APAM ndi la Standing Voice, limene limachititsa zipatala zoyendayenda zoona za khungu, ndi ena mwa amene angathandize, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi angalozere kumene thandizo lili pafupi. Makolo akaonane ndi mphunzitsi wamkulu kuti mwanayo aziloledwa yunifolomu ya manja aatali, azikhala kutsogolo m'kalasi, ndiponso asamaimitsidwe padzuwa pa nthawi ya asembule kapena ya ntchito zapanja. Kachilonda kalikonse kokakala kapena kosapola pakatha milungu ingapo, makamaka pakhutu, pamlomo kapena pakhosi, kaonetsedwe kuchipatala kadakali kakang'ono, pamene kuchiza kwake n'kosavuta.

Otsikira kuchigwa m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala akumbukire kuti kumeneko mdani wofulumira ndi kutentha, ndipo chipewa chokha sichimugonjetsa. Pa zakumwa, madzi aukhondo ndi amene ali patsogolo, ndipo mwana azipatsidwa asananene kuti ali ndi ludzu, chifukwa akatanganidwa ndi masewera saikirako mtima. Thobwa ndi labwino poti limapatsanso mphamvu, pamene zakumwa zotsekemera za m'mabotolo ndi za m'timapepala zimaziziritsa kukhosi kanthawi kochepa koma sizilowa m'malo mwa madzi. Thanzi ORS, wosungunulidwa monga mwa malangizo a papaketi, ndi wa mwana amene wataya kale madzi ambiri. Mkodzo wochepa ndi wachikasu kwambiri, milomo youma, kulira kopanda misozi, liwombo lolowa m'kati ndi thewera louma kwa maola ambiri ndi zizindikiro zakuti madzi achepa m'thupi. Mwana asasiyidwe m'galimoto yotsekedwa ngakhale mphindi zochepa, ndipo minibasi ikamadikira kudzaza padzuwa ndi bwino kutsika naye n'kukadikirira pamthunzi.

Mwana akayamba kudandaula mutu, chizungulire ndi nseru ataswera padzuwa, muchotseni pamalopo, mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mupukuteni ndi nsalu yonyowa ndi kumupatsa madzi pang'onopang'ono. Koma thupi likatentha kwambiri, akayamba kubwebweta, kusazindikira anthu, kukomoka kapena kuphupha, imeneyo ndi ngozi yofuna chipatala nthawi yomweyo, ndipo Panado satsitsa kutentha kobwera ndi dzuwa. Zizindikiro zomwezi zimafanananso ndi za malungo aakulu, amene kuchigwa ndi ofala, choncho kuyezetsa magazi n'kofunika m'malo moganizira pakhomo. Pamene mukufunafuna galimoto kapena njinga yamoto, muthireni madzi ozizira thupi lonse ndi kumukupizira ndi lichero, musamumwetse kanthu ngati sakudziwa kanthu kuopa kuti angatsamwe, ndipo munyamule botolo la madzi kuti muzinyowetsa nsaluyo njira yonse mpaka mukafike.